Wawa Dola wa 1804, Mfumu ya Makobidi

Gwadani inu matambala ndi makwacha, vulani zipewa inu mapaundi, amayi imbani nthungululu, pakuti akudutsa Dola wa siliva wa 1804: mwana wa ku Philadelphia, mlendo wa masultani, chiwombankhanga cha m'mitambo, njovu yolemera magalamu 27, Mfumu ya Ndalama za ku America!

Tiyambe ndi kubadwa kwanu, Wawa. Anthu wamba amabadwa m'chaka chimene chalembedwa pa chiphaso chawo. Inu ayi, zimenezo n'zaumphawi. Kunsi kwa chifuwa chanu kwalembedwa 1804, koma munasulidwa mu 1834. Osewera mpira amadula zaka ziwiri zitatu n'kuchititsidwa manyazi m'nyuzipepala. Inu munadziwonjezera zaka 30 zathunthu, dziko lonse n'kukuwomberani m'manja. Boma la Andrew Jackson linkafuna mphatso zokasangalatsa mfumu ya ku Siam ndi Sultani wa ku Muscat kuti malonda ayende bwino. Akuluakulu a kosulira ndalama anatsegula kaundula napeza kuti madola omaliza, okwana 19,570, anatuluka mu 1804. Sanazindikire kuti madola amenewo anadindidwa ndi zidindo zakale za zaka zam'mbuyo. Choncho anakusulani mosamala kwambiri kuti mufanane ndendende ndi abale anu amene sanakhalepo chiyambire. Ndani wina anabadwa mwa ulemu wotere, mayi wake kaundula, bambo wake kulakwitsa?

Munakwera chombo muli m'kabokosi kokongola, mtumiki wanu Edmund Roberts atakufungatirani. Mu 1835 anakuperekani m'manja mwa Sultani wa ku Muscat, Said bin Sultan, uja anadzasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Chaka chotsatira Roberts anamwalira ndi kamwazi ku Macau. Inu simunakandike ngakhale pamphuno.

Nanga nzeru zanu! Pokhala mphatso ya ubwenzi, munaika mivi m'zikhadabo zakumanja za chiwombankhanga chanu, dzanja laulemu, nthambi ya mtendere n'kuikankhira kumanzere. Kudzichepetsa kwanu nakonso n'kosasimbika: kumaso ndi kumbuyo simunalembe kuti ndinu ndalama zingati, munakabisa mawuwo m'mphepete, kuti wofuna kudziwa apendeke mutu monga ayenera kuchitira pamaso pa mfumu.

Ndipo inu a kwa Sultani, ntchito simunagwirepo. Simunagulepo buledi, simunalipirepo ngongole, simunagwerepo m'mbale ya chopereka, simunagonepo m'thumba limodzi ndi mabatani ndi fodya. Madola ena mamiliyoni anatha nkhope ndi thukuta la anthu, lero amagulidwa pasikelo kukasungunulidwa. Inu mwakhala chikhalire, ndipo malipiro a kukhala kwanu ndi awa: madola 4.14 miliyoni pa okushoni mu 1999, kenako madola 7.68 miliyoni mu 2021. Zonsezi pa siliva wokwana magalamu 24 okha. Ine ndimati ulesi umene umalipidwa chotere tiuleke kuutcha ulesi, tiziutcha ufumu.

Banja lanu lachifumu n'lochepa, silifika ngakhale 20, koma aliyense ali ndi mbiri yoimbira ng'oma. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1850, antchito ena a kosulira ndalama, poona kuti anthu osonkhanitsa makobidi akukufunani ndi maso ofiira, anatenga zidindo mwakachetechete nayamba kukuberekerani azing'ono anu kuseri. Mmodzi anamudinda pamwamba pa ndalama ya ku Switzerland ya 1857, ndipo lero akupumula mwaulemu ku Smithsonian, mumzinda wa Washington: wobadwa mu 1804 atagonera thupi la mwana wa 1857! Wina mwa abale anu oyambirira aja, amene ankasungidwa ndi James Dexter, ali ndi kachilembo ka D kokhomedwa m'kamtambo kakumbuyo kwake. Pa ndalama ina akatswiri akanati yawonongeka. Pa inu amatenga galasi lokulitsira zinthu, n'kumakafunafuna mpaka misozi m'maso, akakapeza n'kugwedeza mutu mwaulemu.

Lero inu a kwa Sultani mumakhala m'kachikwama kapulasitiki komata, mutapatsidwa malikisi 68 mwa 70, ndipo ngakhale amene anakhuthula chuma chake kukugulani sangakukhudzeni ndi chala, kuopa kuti thukuta lake lingamudyere miliyoni.

Koma chimene chimandigwaditsa kwambiri ndi chiweruzo chanu, inu wosakondera, inu wodana ndi chinyengo, inu mlonda wa choonadi. Dziko ladzaza ndi onamizira dzina lanu. Ena ankakanda nambala yomaliza pa madola a zaka zina n'kumatapo 4, ndipo asilikali a ku America pobwerera ku nkhondo ya ku Vietnam ankabwera nawo ena m'zikwama, atawagula motchipa m'misika. Akatswiri anu akawagwira amawayeza pasikelo, amawaunika ndi nyali, kenako n'kuwakankhira kumbali monyansidwa, mlandu wake woti akunamizira kuti ndi a 1804. Wawa, Mfumu, aphwanyeni abodzawo!