Ulemu Upite kwa a Alawansi, Nkhoswe ya Mabanja Athu

M'dziko muno mulibe mkulu wina amene timamunyoza masana n'kumamupempherera usiku kuposa a Alawansi. Pa wailesi amatchedwa mbava. Ojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala amawapatsa chimimba chofika m'mawondo. Olemekezeka amaimirira pamsonkhano n'kuwadzudzula mpaka thukuta kamukamu, akatha apo n'kufunsa chapansipansi kuti fomu yosainira ili ndi ndani. Ine lero ndati ndiwaikire kumbuyo, pakuti ife a ku Nsaru ndi kwa Kabudula tikudziwa ntchito imene mkuluyu wagwira. Abusa analalikira, mafumu anadandaula, amayi analira pa foni, koma amene anakwanitsa kubweza mwana wa m'tauni kuti adzaone kwawo popanda maliro ndi a Alawansi okha.

Ku Nsaru sikutali ndi mzinda. Munthu atanyamuka ku Kawale kapena ku Area 25 atamwa tiyi, nsima ya masana atha kudzadyera kuno, n'kubwerera nkhuku zisanalowe m'khola. Komatu alipo ana obadwira m'midzi ino, ophunzira ndi ndalama za fodya wa makolo awo, amene amatha zaka osapondako. Ukawaimbira amati mafuta akwera mtengo, kapena akusowa, kapena abwana akukaniza tchuthi. Amaoneka pa zovuta pokha, atavala magalasi akuda, ndipo nkhata zisanathe kuikidwa galimoto imakhala italira kale. Koma tsiku limene kalata yatuluka ku ofesi yoti gulu lipite kukayendera makalabu a alimi a mtedza, kogona ndi chakudya zolipiridwa, mtima wa mwana uja umafewa. Amakumbukira kuti ali ndi agogo. Amakumbukira ngakhale dzina la galu wa pakhomo.

Ndisabise, Nsaru ali ndi chilema chimodzi pamaso pa a Alawansi. Ali m'boma la Lilongwe, ndipo mkuluyu sanenepa m'boma limene munthu amagwiriramo ntchito. Amafuna udutse malire kaye. N'chifukwa chake Mponela, amene ali m'boma la Dowa pamsewu wa M1, anamera malo ogona alendo ndi maholo a misonkhano mbali zonse, moti anthu okhala pa matebulo oyandikana mu ofesi imodzi amakwera galimoto kukakambirana kumeneko nkhani imene akanaimaliza pa nthawi ya tiyi. Mwana wa kuno wochenjera sasowa chochita. Pa ndondomeko ya ulendo amalembapo Mchinji. Gulu limakafikadi ku Mchinji, limadinditsa pepala, limagona usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake, poti dalaivala ndi munthu womva, limakhotera kuno. Ndani wina anaphunzitsa Amalawi mapu a dziko lawo mwakhama chotere? Aphunzitsi a jogalafe anayesa ndi choko, koma malire a maboma tinawadziwa bwino titayamba kusainira.

Ntchito imagwiridwa ndithu, tisawanamizire. Anyakwawa amakhala atamema anthu dzulo lake kuti pofika 8 koloko akhale ali pansi pa mtengo. Alimi amasiya mtedza wokumba uli m'munda, amasamba, amavala za ku tchalitchi, n'kudikira. Land Cruiser imatulukira dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Pemphero, malonje, kutchulana mayina ndi maudindo, theka la nthawi lapita. Wina amamata chipepala chachikulu pa tsinde la mtengo n'kufunsa kuti mavuto anu kuno ndi otani. Alimi amatchula omwe anatchula chaka chatha: feteleza sakugulika, mavenda akuba ndi masikelo, chuku chikuwononga mtedza, mjigo wa m'mudzi unafa. Zonse zimalembedwa m'zilembo zikuluzikulu. Kenako fomu imazungulira, osadziwa kulemba amadinda chala, aliyense amalandira ya fanta, ndipo pofika 1 koloko chitukuko chatha. Masana onse atsala a banja.

Apa ndi pamene a Alawansi amachita chozizwitsa chawo chachikulu, chopatsa munthu tsiku lobadwa. Agogo athu ambiri kuno sanabadwe pa deti. Ukawafunsa amati anabadwa anthu akudya mondokwa, kapena kuti pamene Kamuzu ankatera pa Chileka mu 1958 iwo n'kuti atayamba kulera ang'ono awo. Pa kalembera wa unzika wa 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa, achinyamata a makompyuta aja ankafunika kudzaza tsiku, mwezi ndi chaka, ndipo agogo anabwera kunyumba ndi chiphaso chokhala ndi deti limene iwo eni anali asanalimvepo. Detilo limagona m'kachikwama pamodzi ndi buku la kuchipatala, silivutitsa munthu. Tsiku lenileni lobadwa agogo ndi limene ulendo wa ku ofesi wavomerezedwa. Chaka china amabadwa mu Juni. Chaka chimene ndalama za pulojekiti zachedwa, amabadwa mu Seputembala.

Wina asaseke. Ngwazi yomwe inali ndi tsiku lobadwa lochita kusankhidwa. Boma linkati Kamuzu anabadwa pa 14 Meyi 1906, pamene olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898, kumudzi ku Kasungu kumene kunalibe wolemba madeti. Mpaka lero pa 14 Meyi mabanki ndi masukulu amatseka. Ngati tsiku lochita kusankha lingapumitse dziko lonse, agogo a ku Nsaru alakwa chiyani kubadwa pa tsiku limene Land Cruiser ili ndi mafuta?

Galimoto ikaima pabwalo, agogo amatuluka akunjenjemera, chifukwa mdzukulu ameneyu amamudziwa nthawi zake.

“Mwabwera, aPhiri? Kwagwanji?”

“Ayi agogo, kulibe zovuta. Tabwera kudzasangalala nanu. Lero ndi tsiku lanu lobadwa.”

“Oo? Lero? Zikomo, mwachita bwino kudzandiuza.”

Ndiye pamatsitsidwa keke. Inagulidwa m'tauni dzana, yayenda kumbuyo kwa galimoto pakati pa tayala lapadera ndi makatoni a madzi, yaona Mchinji, yagona kunja, yalawa mabampu onse a msewu wafumbi. Imafika itapendekera mbali imodzi, dzina la agogo litasefukira m'mbali mwa katoni. Makandulo palibe amene akudziwa kuti akhale angati, choncho amabaya onse amene anali m'paketi. Ana a sukulu amaimba nyimbo yachizungu ija, aliyense ndi mawu akeake, amayi n'kuikapo nthungululu kuti imveke ngati chinthu. Kenako agogo amauzidwa kuti auzire. Mayi amene moyo wake wonse wakhala akugwada pa mafuwa kuuzira moto kuti uyake, lero akumuuza kuti auzire kuti uzime, ndipo ukazima anthu akuomba m'manja. Amayang'ana mlongo wawo, mlongo wawo amayang'ana kumbali. Amalawa kachidutswa, amati shuga wachuluka, n'kumanga kotsalako kunsonga ya chitenje kuti akapatse kamdzukulu kamene kali ku mbuzi.

Phwando lenileni limakhala litayamba kale kuseri kwa nyumba. Tambala amene ankasungidwira Khirisimasi wagwidwa. Thobwa latuluka, nkhwani wotendera wapsa, ufa woyera umene unatsala pang'ono waphikidwa wonse, pakuti alendo a pa galimoto sapatsidwa mgaiwa. Mgawano wake ndi wachilungamo chodabwitsa. A ku ofesi amadya nkhuku, nthutumba ndi chiwindi kupita kwa mtsogoleri wa gulu, pamene mudzi wonse umagawana keke, aliyense kachidutswa kotha kubisika pansi pa chikhadabo. Aliyense walawa chimene sadya kawirikawiri. Atsibweni amaimirira, amavula chipewa, amathokoza boma, amathokoza bungwe, amathokoza dalaivala, amathokozanso mwana wathuyu posaiwala kumene unakwiriridwa mchombo wake. A Alawansi, eni phwando, sawatchula n'komwe. Mkuluyu ndi wodzichepetsa, amangokhala phee m'thumba la jekete.

Akakhuta, alendo amafuna kuona malo. Pobwera anali ataima kale pa Chitedze, kumene akatswiri amayesera mbewu za mtedza ngati CG7, n'kujambulitsa pa chikwangwani osalowa mkati. Pa Msundwe anaima chifukwa cha kanyenya. Pa Namitete wina analoza njira ya ku chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere a ku Luxembourg anayambitsa mu 1959, n'kunena kuti tsiku lina adzakaone. Koma kuno ndiye kumakhala zokopa alendo zenizeni. Mwana wobadwira pakhomo pano amasanduka wolondolera, akufotokozera anzake chigafa cha fodya mwaukatswiri, iye amene ali mnyamata ankathawa kusoka fodya ponamizira mutu. Amajambula ngolo. Amajambula nkhokwe, ndipo amasankha mbali imene siikuonetsa kuti chimanga chili pansi penipeni. Mayi wina wa m'gululo amapempha kusenza ndowa kwa kanthawi koti chithunzi chitheke. Kamwana kamaitanidwa kuti kagwire chogwirira cha mjigo wakufa uja n'kumwetulira, ndipo pa foni mjigowo umaoneka wamoyo kuposa mijigo yonse ya m'boma lino.

Sipalephera wina wofunsa za Gule Wamkulu, poti anamva kuti bungwe la UNESCO linauika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005. Atsibweni amayankha mwaulemu kuti gule satuluka chisawawa, kuno kulibe maliro, kulibe chinamwali, kulibe kulonga ufumu. Mlendo amapepesa. Kenako a Alawansi amasuntha pang'ono m'thumba muja, akuluakulu amapita pambali kukanong'onezana, ndipo pasanapite nthawi ng'oma imamveka chakumadzulo. Mfundo imene atsamunda ndi amishoni analimbana nayo zaka zambiri osaigonjetsa, mkuluyu amaifewetsa pa nthawi yosakwana kuphika nyemba.

Ndipo taonani kusawononga kwawo. Chithunzi chimodzi chimagwira ntchito ziwiri. Madzulo chimapita pa WhatsApp ya banja ndi pa Facebook, anthu a ku Johannesburg n'kumalemba kuti Mulungu awasunge agogo. Lolemba chithunzi chomwecho, keke itadulidwa kunja, chimalowa mu lipoti, pansi pake patalembedwa kuti amayi a m'mudzi atenga nawo mbali mwachidwi pa zokambirana. Agogo amene sanalowepo kalabu iliyonse amawoloka nyanja mpaka ku London kapena ku Oslo monga umboni wakuti ntchito ikuyenda.

Adani a mkuluyu ndi ambiri, ndipo ena ndi amphamvu. Mu 2021, anthu akufa ndi Covid-19, kafukufuku wa K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwo anapeza kuti gawo lina la ndalamazo linathera kwa a Alawansi, ndipo mu Epulo nduna ina inachotsedwa paudindo pa nkhani ya ndalama za ulendo wa ku South Africa. Chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anatuma wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, kuti atsogolere gulu lounika za maalawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi makontirakiti a ntchito. Lipoti linalembedwa, linaperekedwa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, maulendo akunja a akuluakulu a boma anaimitsidwa kwa miyezi ingapo. Nthawi zonsezi anthu ankati basi, mkulu uja wapita. Koma njira imodzi yokha imene timaidziwa yothetsera vuto m'dziko muno ndi kuitanitsa msonkhano, ndipo msonkhano wokambirana za kuthetsa a Alawansi suchitikira pabwalo la ofesi. Umakachitikira ku Salima kapena ku Mangochi, mphepo ya kunyanja ikuomba, ndipo pa tsiku lomaliza fomu imazungulira.

Odandaula amati ndalama za ulendo umodzi wotere, mafuta, kogona, chakudya ndi ya fanta ya alimi, zikanatha kukonzetsa mjigo uja n'kutsalako. Masamu awo ndi olondola, koma saganizira za mawa. Mjigo ukakonzedwa, gulu lidzabweranso kudzaona chiyani? Vuto lothetsedwa limatseka msewu wa kumudzi. Amaiwalanso kuti malipiro a mwezi a kalaliki, a mlangizi kapena a dalaivala amatha mwezi usanafike pakati, ndipo chimene chimalipira fizi ya mwana, lendi ya nyumba ndi thumba la feteleza la agogo omwewa ndi masiku atatu aja a kumidzi. Amene amadya zonona ndi a maulendo a pandege. Ang'onoang'ono amangonyambita mphika, koma akadzudzulidwa a Alawansi, chikwapu chimayambira kwa onyambitawo.

Dzuwa likapendeka, alendo amatsanzika, pakuti usiku wachiwiri unalembedwa kuti agona ku Mchinji ndipo aliyense akufuna kukaugona kunyumba kwake. Mudzi sulola mlendo kupita chimanjamanja. Kumbuyo kwa Land Cruiser, pamene panali keke, pamalowa thumba la mtedza, dengu la mbatata, maungu, nkhuku ziwiri zomanga miyendo ndi nsupa ya thobwa ya abwana amene anatsala ku ofesi, omwe ndi amene amasainira maulendo. Mdzukulu amapinda ndalama n'kuika m'dzanja la agogo, yokwana sopo, mchere ndi kupita ku chigayo kawiri. Injini ikalira, atsibweni amafika pa zenera, chipewa chili m'manja.

“Pepani achikulire, nanga za mjigo uja tiwauze chiyani anthu?”

“Musadandaule atsibweni, talemba. Mwezi wamawa tili ndi msonkhano ku Mponela, tikaikambirana.”