Tsiku limene ndinatsala pang'ono kuwotcha azakhali

Bambo atamwalira, abale anga anagawana mbuzi, njinga ndi wailesi. Ine ndinatenga chimene aliyense ankachikana: Volkswagen Beetle ya 1972, yopangidwira ku Uitenhage m'dziko la South Africa, kumene galimoto zamtunduwu ankazipanga kuyambira 1951 mpaka 1979. Injini yake ili kumbuyo, katundu amalowa kutsogolo, ndipo simwa madzi chifukwa imazizira ndi mphepo. Kuyenda inkayenda bwinobwino. Chimene chinkandichititsa manyazi ndi mpando wakumbuyo. Chikopa chake chinali chitang'ambika, ndipo pong'ambikapo pankatuluka ulusi wofiirira umene unkamata zovala za aliyense wokhalapo. Ambiri amati ndi ubweya wa hatchi, koma ndi ulusi wa makoko a kokonati womatidwa ndi labala.

Chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga chitayandikira, ndinanyamula mpandowo kupita nawo kwa mmisiri wina wa masofa ku Ndirande. Anautembenuza, n'kudina masipuling'i ndi chala chachikulu, kenaka anatchula mtengo umene unandiumitsa pakamwa.

"Komanso akulu, batire yanu ili ndi chovindikira?" anafunsa.

Ndinaona ngati akufuna pokwezera mtengo. Ndinamuuza kuti ndikubwera, iye n'kudziwa kuti sindibweranso.

Ndinagula siponji, nsalu yapulasitiki yooneka ngati chikopa ndi waya womangira zitsulo. Telala wapakhonde anandisokera nsaluyo potengera yakale ija. Amisiri enieni amaimanga ku chitsulo cha mpando ndi timphete timene amatifinya ndi pulayala yakeyake. Ine ndinalibe zonsezo, choncho ndinkapisa waya, kupotokola, n'kusiya nsonga zikuloza pansi poti kumeneko saonako munthu. Sipuling'i imodzi inali yothyoka, nayonso ndinailumikiza ndi waya yemweyo. Ulusi wakale uja sindinautaye wonse, ndinausiya pansi pa siponji kuti mpando unenepe. Nsaluyo ndinayamba ndaiyanika padzuwa kuti ifewe, ndipo inakokeka bwino, yopanda khwinya n'limodzi lomwe.

Posesa pansi pa mpando ndinapeza kachipulasitiki kakuda, kouma, kali pamwamba pa batire. Mu Beetle batire imakhala pamenepo, pansi pa mpando wakumbuyo, mbali yakumanja. Kanthuko kankaoneka ngati chinyalala, ndiye kanapita kudzala. Akazi anga anati, "Abambo, bwanji osafunsa kaye amakaniko?" Ndinawayankha kuti nkhani ya mipando si ya makaniko. Ndinaiwalanso kuti batire imene ndinagula chaka chatha inali yayitali kuposa yakale.

Patsiku la chinkhoswelo ndinapatsidwa ulemu wonyamula azakhali, mayi amene Mulungu anawadalitsa thupi. Galimotoyi ili ndi zitseko ziwiri zokha, choncho tinapinda mpando wanga, wina kukoka, wina kukankha, mpaka anakhazikika kumbuyo kwangaku. Anasisita chikopa chija n'kunena kuti, "Mwanawe, bambo ako akanaona akanasangalala." Akazi anga anakhala kutsogolo atafungatira chigubu cha thobwa.

Msewu wa Masauko Chipembere tinauyenda mwamtendere. Titadutsa Limbe kulowera ku Bangwe, ndinagwera m'dzenje. Azakhali anakwera m'mwamba n'kubwerera pampando ndi thupi lawo lonse, ndipo pansi panamveka kuti thethethe. Amati tsoka silinunkha, koma langali linanunkha labala wopserera.

"Kodi mpandowu umatenthetsa dala?" anafunsa azakhali.

Zimene zinkachitika pansipo ndinadzazimvetsa pambuyo pake. Chitsulo cha mpando chimakhudzana ndi thupi la galimoto, ndipo thupilo n'lolumikizidwa ku mutu umodzi wa batire. Mutu winawo ndi umene unkabisidwa ndi kachipulasitiki kaja. Sipuling'i yanga yolumikiza itatsika, nsonga ya waya inagunda mutu wosavindikirawo. Mavolti 12 sagwira munthu, koma mphamvu yonse yolizira injini ikadutsa mu waya mmodzi, wayayo amafiira psuu. Pamwamba pake ndinali nditayalapo ndekha ulusi wouma wa zaka makumi asanu ndi siponji.

Utsi utayamba kutuluka m'mbali mwa chitenje chawo, ndinaima pakati pa msewu. Kuti azakhali atuluke, ndinayenera kutuluka kaye ine, kupinda mpando, ndiyeno kukoka. Ntchito imene polowa inafuna anthu awiri, potuluka anaigwira okha, ndipo anandigwetsera m'ngalande. Madzi ndinalibe, pakuti mwini galimoto yosamwa madzi sayenda ndi chigubu. Akazi anga sanafunse munthu: anatsegula thobwa lija n'kukhuthulira pampando. Mnyamata wina wa kabaza ndiye anatukula mpandowo n'kuuponya panja, anthu a m'minibasi akutijambula ndi mafoni.

Kuchinkhoswe tinafika mochedwa, azakhali ali pakabaza, chitenje chili ndi bowo loti n'kupisapo mbale. Anthu anamva kuti thobwa lamwedwa ndi galimoto. Akuchimuna ananong'onezana kuti mwina pali wina amene sakufuna ukwatiwu, ndipo ine monga malume ndinaimirira n'kulongosola za batire pamaso pa mabanja awiri, kuti dzina la mfiti lisagwere munthu wosalakwa.

Lolemba ndinabwerera ku Ndirande nditasenza mafupa a mpando, akununkha chimera. Mmisiri uja sanaseke. Anachotsa waya wanga yense, anaika masipuling'i ena, anadula chidutswa cha labala wochindikala choti ndikayale pamwamba pa batire, kenaka anatchula mtengo woposa woyamba uja. Ndinalipira osanenerera. Azakhali ndinawagulira chitenje china, koma anatumiza uthenga wakuti chopsacho chinali cha ku Chipata, ndiye mlandu ukadalipo.