Makina ochapira akakana ntchito, mota isaimbidwe mlandu msanga

Makina ochapira zovala ali ndi khalidwe la mabwana ena: lipoti likangochedwa, ntchito yonse imaima. Kumbuyo kwa mota kumakhala sensa, kachipangizo kakang'ono ka maginito ndi tiwaya, kamene kamawerenga liwiro la mota n'kumauza bodi yoyendetsa makinawo. Kawaya kake kakaguluka chifukwa cha kugwedezeka, kapena maginito akakhwefuka, bodiyo imasowa uthenga. Mgolo wa zovala umazungulira mwaukali kwa kamphindi, kenako zii, malaya ali m'thovu. Apa ambiri amagamula kuti mota yapsa, chonsecho ilibe mlandu. Chanzeru ndi kuyamba mwazula pulagi, kutsegula kumbuyo, kukanikiza polumikizira mawaya, kuona ngati mabulashi a kaboni atha, kenako kuyeza sensayo ndi mita.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya ku Area 47, osati ya ku Mughese, m'mapiri a Misuku, kumene ambiri amachapira pamwala. N'zoona kuti makina otere ndi owerengeka kumeneko, komatu n'chifukwa chake mwini wake ayenera kudziwa zimenezi. Akatswiri ake ali kutali, ku Karonga kapena ku Mzuzu, ndipo kutsitsa makina m'misewu yokhotakhota ya Misuku nthawi ya dzinja kungadye ndalama zonse za khofi. Tsono mmisiri akakankha kawaya kamodzi ndi chala, makina n'kudzuka, satsitsa mtengo poti ntchito yachepa. Amapukuta thukuta, n'kunena kuti vuto linali lalikulu.