Sayansi ya mwana, njinga ya bambo

Kwa Njombwa, mwana wa Sitandade 7 akauzidwa kuti apange chinthu chokaonetsa pa phunziro la sayansi, choyamba kuona zakuda ndi njinga ya bambo ake. Gwero la vutoli ndi William Kamkwamba wa kwa Wimbe, m'boma lomweli la Kasungu, yemwe ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opereka magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo zotola ndi njinga yakale ya bambo ake. Chiyambire pamenepo, mwini dayinamo sagona tulo.

Thandizo la makolo limayamba ndi kukana. Kenaka mayi amatulutsa chigubu chobooka ndi chubu chakutha, bambo n'kubweretsa pulayara, waya ndi nsungwi za m'chigafa, ati iwo angoyang'anira basi. Pofika madzulo woyang'anira uja wagwada m'fumbi, waya ali kukamwa, pomwe mwini ntchito watumidwa kukagula babu kugolosale. Fodya woti asankhidwe amayamba wadikira.

Tsiku loonetsa, babu lija limayaka ndithu. Chovuta n'chakuti aphunzitsi amafunsa chomwe chaliyatsa, pomwe wodziwa yankho ali ku Chinkhoma, kudikira kuti mabelo ake alowe mu okushoni.