Thumba la pa Lizulu silidziwa kuwerenga

Pa thumba panalembedwa 50 kg, ndipo a fakitale ya feteleza amene analemba zimenezi ankanena zoona pa nthawiyo. Koma thumba lomwelo likafika pa Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, limabadwanso mwatsopano. Amalidzaza mbatata ya kachewere mpaka pakamwa, n'kulumikiza chidutswa cha thumba lina, n'kulukira chingwe pamwamba mpaka lifike m'chifuwa mwa mwini wake. Nambala ija imangotsala pomwepo, yogwidwa manyazi.

Tsoka ilo, anthu amene amapanga zonyamulira thumba limeneli amakhulupirira manambala. Mainjiniya a Toyota atatulutsa Probox mu 2002 anati izinyamula katundu wa makilogalamu 400. Sienta, imene inatuluka mu 2003, anaiikira malo a anthu 7. Ku Japan ankaona bambo, mayi, ana ndi agogo akupita kukacheza kwa abale. Sanalotepo za tsiku la msika ku Tsangano, dalaivala atagawana mpando ndi pasinjala, kabichi ali kumbuyo, chitseko chitamangidwa ndi malegeni.

Mlembi wanu alibe Probox. Chuma chake ndi njinga yakapalasa yakuda, ya matayala a mainchesi 28, mtundu uja anatchukitsa Angerezi kudzera m'makampani monga Raleigh ya ku Nottingham, kenaka n'kuutengera a ku India ndi China: Hero ya ku Ludhiana, imene inayamba mu 1956, ndi Phoenix ya ku Shanghai. Ya mlembi wanu dzina linafufutika kalekale, choncho pasapezeke kampani yonamiziridwa mlandu. Amene anajambula njinga zamtunduwu sanali ogona. Pachikhalidwe chake gudumu lakutsogolo limakhala ndi masipoko 32, lakumbuyo 40, chifukwa thupi la wokwera limatsamira kumbuyo. Anawerengera bwino ndithu. Kungoti kaliyala anaipangira chikwama cha kalaliki, mwina ndi nyuzipepala.

Thumba loyamba litakhala pa kaliyalayo, inagwada osafika n'komwe pa msewu waukulu.

M'mawa mwake mlembi wanu anakankhira njinga kwa mmisiri wowotcherera zitsulo pa boma. "Wawa, mukufuna yonyamula chiyani?" anafunsa mmisiriyo. Yankho linali lakuti chilichonse. Mmisiri anadula zitsulo za Y12, zija amamangira nazo nyumba, n'kuyamba kuthetheretsa moto. Mlembi wanu anaima pambali, manja kumbuyo, diso limodzi lotsinzina, akuloza ndi mlomo: "Amisiri, onjezerani china apa. Apanso." Pobwerera kunyumba anali atadzikweza udindo. Kuyambira tsiku limenelo pabwalo la bawo amafuna azitchedwa injiniya, ngakhale sipanapezeke womutchula.

Kunena zoona, kaliyala ija sinapindikenso mpaka lero. Amene anayamba kulira ndi masipoko. Pa ulendo wotsatira kunamveka thwa! kenaka thwa! ndipo gudumu lakumbuyo linayamba kuponda ngoma ngati Mngoni woti waona phala la mowa lapsa. Injiniya wathu sanatekeseke. Anagula masipoko onenepa. Atakana kulowa m'mabowo a limu, analamula kuti mabowowo akuzidwe. Gudumu linalimba. Patapita masabata ochepa ekiselo inapindika. Anaika yonenepa. Kenaka fulemu inang'aluka pansi pa chishalo.

Apa pali nzeru imene mainjiniya enieni amaphunzira chaka choyamba, imene mlembi wanu waigula modula, chitsulo chimodzichimodzi. Kulemera sikusowa. Ukalimbitsa malo amodzi, kumasamukira pa chitsulo chotsatira chimene chili chofooka. Wojambula njinga amayesetsa kuti ziwalo zonse zikhale za mphamvu zoyenderana, ndipo kaliyala yofewa ija inali kuteteza gudumu pokana katundu msanga. Kuwotcherera nakonso kuli ndi msampha wake: mapaipi a fulemu ndi opyapyala, moto ukawapsereza amafooka m'mbali mwa chilondacho, ndiye mng'alu wachiwiri umabwera chala chimodzi kuchokera pa woyamba. Mmisiri uja anayesa kufotokoza zimenezi. Injiniya wathu anamuuza kuti aliyense agwire ntchito yake.

Chiwalo chimene anachiiwala pa ntchito yonseyi ndi mabuleki. Njinga zamtunduwu zili ndi mabuleki a timitengo tachitsulo, timene timakokera timphira tiwiri ku limu. Kukakhala dzuwa timagwira. Limu yachitsulo ikanyowa, mphira imayamba yapukuta madzi kaye, gudumu n'kuzungulira kangapo isanaganize zogwira. Ndipo mabuleki amenewa anawayezera kalaliki ndi chikwama chake, osati munthu, thumba la kachewere, ndi zitsulo zokwana kuyambira maziko a khitchini.

Aliyense wodziwa dera la Tsangano akudziwa kuti kumtundako chifunga ndi mvula yowaza sizipempha chilolezo. Pa mtsetse wina, mlembi wanu anafinya mabuleki onse awiri mpaka zala kuyera. Njinga inamva, koma sinagwirizane nazo. Anakumbukira njira ya anyamata a makala, yoponda tayala lakutsogolo ndi phazi, ndipo nsapato inanunkha mphira. Ulendo unathera m'dimba la kabichi la mayi wina, amene poyamba anafunsa ngati wavulala, ndipo atamva kuti ayi, anayamba kuwerenga mitu yophwanyika.

Mlembi wanu mpaka pano amakana kuti inali ngozi. Akuti kunali kuyesa katundu. Makampani a magalimoto nawonso amawombetsa galimoto zatsopano pa khoma kuti aone pofooka. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo pampando amakhazikapo chidole. Mayi akunyumba anamvetsera zonsezi mwaulemu, akusisita bondo ndi madzi otentha, kenaka anangofunsa kuti: "Nanga abambo, poyesapo pamafunika nsapato za kutchalitchi?"

Chimene chimamuwawa mlembi wanu n'chakuti alipo anthu amene anachita zomwe iye ankafuna, koma ndi pensulo m'manja. Bungwe la World Bicycle Relief linayamba mu 2005, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa, F.K. Day, anachokera ku SRAM, kampani ya ku Chicago yopanga zipangizo za njinga. Atafika ku Zambia anapeza kuti njinga za pamsika sizikukhalitsa m'misewu yafumbi, ndiye anayamba kukonza chiwalo ndi chiwalo mpaka kutuluka njinga ya Buffalo, imene lero ikugulitsidwanso kuno ku Malawi. Kaliyala yake anaiyezera makilogalamu 100, ndipo masipoko, limu ndi fulemu anazilimbitsa mogwirizana ndi nambala imeneyo. Buleki anaibisa m'kati mwa habu yakumbuyo, kumene mvula sifika, wokwera amangopondera pedulo chambuyo. Anasamalanso kuti zipangizo zake zambiri zizilowana ndi zimene okonza njinga a pansi pa mtengo ali nazo kale. Mu 2024 bungweli linatulutsa ina, Utility S2, ya matcheni awiri, wina wokwerera phiri, wina wa pachidikha, ndipo umodzi ukaduka winawo umakufikitsa kwanu. Mlembi wanu atamva za matcheni awiriwo anagwedeza mutu n'kunena kuti naye anali pafupi kuziganiza.

Njinga yake ilipobe, ndipo palibenso chimene chingathyoke. Vuto latsala limodzi, la miyendo, chifukwa chiwalo chimenechi mmisiri wakana kuchiwotcherera. Njingayo tsopano imakankhidwa pa chitunda chilichonse ngakhale isananyamule kanthu, ndipo ana a m'mudzi akaiona amathamangira kudzathandiza, n'kulipiritsa.

Choncho owerenga, ikugulitsidwa. Mtengo tikambirana. Wofuna abwere ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri komanso anyamata okweza.