Onse Afuna Kumenya, Sing'anga Asowa

Mu World of Warcraft, masewera a pa intaneti omwe kampani ya Blizzard inatulutsa mu 2004, m'phanga la zilombo mumalowa anthu asanu: tank mmodzi woti zilombo zizimusasantha, healer mmodzi wochiritsa anzake, ndi atatu omenya, otchedwa ma DPS. Kugawana kwake n'kosavuta, koma osati pakati pa anyamata a m'tauni.

Loweruka madzulo ku Area 25, anyamata anayi ayala malaputopu pa tebulo lodyera la mayi awo. Achimwene aakulu, omwe ndowa yamadzi anaiona komaliza ali sitandade 8, asankha Warrior.

"Achimwene, tengani Protection, mugwire chishango mutiteteze."

"Ine ndizimenyedwa chifukwa cha inu? Ndi digiri yangayi?"

Atenga Fury, chida dzanja ili, chida dzanja ilo, poti pamapeto pamaoneka manambala a yemwe wamenya kwambiri, ndipo dzina lawo liyenera kukhala pamwamba.

Wachiwiri asankha Hunter, njira ya Beast Mastery. Kumeneko chiweto ndicho chimathamangira mdani, mwini wake ali chapatali akuyankha WhatsApp. Iye akuti umenewu ndi utsogoleri.

Wachitatu sanachedwe n'komwe: Rogue, katswiri wozimiririka. Luso limeneli anali nalo kale, limaoneka nthawi yosonkherana ya bandulo.

Watsala msuweni wobwera kutchuthi kuchokera ku Ntchisi. Iyeyu safunsidwa.

"Iwe ukhala Priest. Dina apo palembedwa Holy. Si umayimba kwaya?"

Tank amupeza pa intaneti, mlendo wosadziwika dziko lake. Alowa m'phanga. Mlendo asanakonzeke, achimwene adumphira kale pakati pa zilombo. Chiweto cha Hunter chakaputa gulu lina kuseri. Rogue waima pamoto, akulemba kuti "heal, heal". Msuweni thukuta kamukamu, mana, mphamvu yochiritsira, yamuthera, ndipo onse asanu ali gone pansi.

Mlandu sunatenge nthawi. Pa maliro alionse pamafunika mfiti, ndipo yapezeka.

"Aise, umatani? Ntchito yako n'kungochiritsa basi!"

Mlendo watuluka osatsanzika. Msuweni sanayankhe. Watsegula tsamba la maluso, wachoka pa Holy, wadina Shadow, njira yomwe wansembe amasiya kupempherera odwala n'kuyamba kulodza.

"Nanenso ndine DPS, achimwene."

Tsopano omenya akwana anayi, malo alipo atatu. Masewerawa amalowetsa tank ndi healer mwachangu chifukwa ndi osowa, pomwe omenya amadikira pamzere. Rogue wadzipereka kutuluka, poti nkhani ya bandulo yayambanso. Otsalawo akhala chete, maso pa sikirini, kudikira munthu wina wa ku Ulaya woti adzawamenyedwere.

"Tidikira," atero achimwene, akuwongola miyendo. "Mzere wa mafuta tinaupirira, uwu ndi chiyani?"

Mayi aitana kuchokera kukhitchini kuti wina adzatsuke mbale. Awiri enawo ayang'ana msuweni, koma msuweni wavala mahedifoni.