Madzi Akatayika, Funsani Nkhono

Pamene chombo cha akatswiri chotchedwa JOIDES Resolution chinatsiriza ulendo wake womaliza mu 2024, chitaboola pansi pa nyanja pakati pa Greenland ndi Svalbard ndi kutulutsamo matope amakedzana, ndinayamba kukayika ngati makolo athu analasadi ponena kuti madzi akatayika sawoleka. Pakuti taonani, alipo anthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi pa ntchito yowola madzi amene anatayika munthu asanaponde dziko lino.

Njira yake anaitsegula Harold Urey wa ku Chicago mu 1947, pozindikira kuti nkhono ikamamanga chigoba m'madzi ozizira imatengeramo okosijeni wolemera wochuluka, ndipo m'madzi ofunda wochepa, kotero kuti chigobacho chisanduka mboni yosadya chiphuphu.

Tsono lingalirani tsoka la Cucullaea, nkhono ya pa chilumba cha Seymour ku Antarctica, imene inadzigonera mumchenga zaka zoposa 40 miliyoni, ili ndi chikhulupiriro chonse kuti za m'nyumba mwake zinaikidwa nayo pamodzi. Anaifukula, naicheka, naipala mzere ndi mzere, nalengeza poyera kuti nyanja imene lero muyandama mapiri a madzi oundana, m'masiku ake inkafunda mpaka madigiri 17. Akanangonena za madzi zokhazo, bwenzi titawomba m'manja. Koma Devin Buick ndi Linda Ivany, atawerenga mizere ija mu 2004, anaulula kuti agogowa anapitirira zaka 100, ndi kuti m'miyezi yofunda ankaleka kukula, mwina potanganidwa ndi za kubala. Ha! Kodi mkulu wa msinkhu wotere nkumuyalutsa chomwechi pabwalo, wopanda nkhoswe kapena mbale womuyankhulira?

Komatu kuseka kwanga kulekera pano, pakuti umboniwo ndi wowawa: nyanja inafunda chotero pamene mpweya wa kaboni unachuluka mumlengalenga, Antarctica ali ndi nkhalango; ndipo mpweya womwewo ndiwo tiuwonjeza ife ndi malasha ndi petulo. Chimene akatswiri awola ndi mbiri chabe ya madziwo. Madzi oundana amene asungunuka m'masiku athu ano palibe adzawabweze kumene anali, ndipo mlandu wake udzagwera ana a m'magombe a nyanja, amene sanayatse ngakhale khala limodzi.